Achimwene amene tinawalira kale

Uthenga unabwera kudzera kutchalitchi. Lamlungu lina m'mwezi wa Juni, Misa itatha, mlembi wa mpingo anaimirira kuwerenga zolengeza monga mwa masiku onse: za kuumba njerwa, za maukwati, za msonkhano wa amayi. Ine ndinali nditayamba kale kukonza mpango kuti ndizituluka. Kenaka anati pali kalata yochokera ku Mozambiki, yayenda parishi ndi parishi. Anawerenga kuti bambo wina dzina lake Zakariya, mwana wa malemu a Andireya amene anali mphunzitsi wa mpingo, akudwala, ndipo akufunafuna alongo ake awiri, Sisiliya ndi Rozina, amene anathawira kuno nthawi ya nkhondo. Wodziwa za iwo aimbe pa nambala imene inali m'munsi mwa kalatayo.

Sisiliya ndine. A Zakariya ndi achimwene anga, amene anatengedwa ndi anthu a mfuti ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinawalira maliro kalekale, popanda mtembo. Rozina anali mng'ono wanga. Kalata inkafuna anthu awiri, koma wotsala ndinali ine ndekha.

Tsiku lomwelo mwana wanga wamkulu anaimba nambala ija n'kundipatsira foni. Anayankha mayi wachitsikana, nati dzina lake ndi Marita, mwana wa a Zakariya. Anati bambo ake amakhala kumudzi wina kupitirira Fulankhungo, miyendo yatupa ndipo sakudzukanso. Mawu ankamveka modukaduka. Asanadule anafunsa kuti, "Nanga azakhali a Rozina mubwera nawo?"

Ndinangoti, "Ndidzafotokoza ndikafika."

Bambo a kunyumba sakanatha kundiperekeza. Inali nthawi yothirira kachewere kudimba, ndiponso bondo lawo silifuna ulendo wautali. Anati ndipite ndi mlongo wawo, alamu anga a Agata, poti kuyenda awiri si mantha. A Agata ndi mayi wamfupi koma wa mawu aakulu, wapampando wa amayi kumphakati kwathu, kolona m'khosi nthawi zonse. Atamva anaomba m'manja nati, "Alamu, mwaona ntchito za Mulungu? Munthu woikidwa m'manda wadzuka!"

Pano ndinene chimene a Agata sankachidziwa, chimene ngakhale bambo a kunyumba sindinawauzepo. Ine kutchalitchi ndimapita. Likafika tsiku la mphakati wathu ndimasesa nawo, ana anga onse anabatizidwa, pogwada ndimagwada. Koma kupemphera ndinasiya ndili mwana ndipo sindinayambirenso. Anzanga akatsinzina, ine ndimangoyang'ana kudenga.

Tinanyamuka Lachiwiri m'mawa, nkhungu isanachoke m'minda. Katundu wathu anali theka la thumba la kachewere, shuga, sopo ndi bulangete latsopano la wodwala. Njinga zamoto ziwiri za kabaza zinatitula pa Mayani dzuwa likungotuluka, zala zitauma ndi chisanu. Minibasi tinaipeza ili ndi anthu asanu ndi mmodzi, kondakitala akulumbira kuti yatsala pang'ono kudzaza. Titangokhazikika, anayi mwa anthu aja anatsika mmodzimmodzi n'kukakhala pa benchi ya wogulitsa tiyi. Anali anzake a kondakitala, ongokhalira kukopa ife.

"Akondakitala, bodza m'mawa uno?" anatero a Agata.

"Amayi, limeneli si bodza, ndi bizinesi."

Tinakhala maola awiri. Dalaivala ankaliza injini, kusendeza galimoto pang'ono, n'kuibwezanso pamene inali. Munalowa matumba a nyemba, munalowa mayi wa dengu la tomato amene analiika pa miyendo yanga osandipempha. Pamene tinati tsopano tanyamuka, a Agata anakweza dzanja. "Taimani kaye, tipemphere." Dalaivala anavula chipewa, minibasi yonse zii. Ine ndinayang'ana tomato.

Pa Linthipe anatigulitsa. Galimoto yathu inaona kuti anthu ambiri akupita ku Lilongwe, ndiye ife a ku Dedza anatitsitsa n'kutipereka kwa minibasi ina imene inalibe malo. Thumba lathu analimangirira kumbuyo, chitseko chosatseka, ndipo a Agata anayenda ulendo wonsewo khosi litapotokera kumbuyo kuti aone ngati kachewere sakugwa. Mapiri a Chongoni anadutsa, paini wa m'phiri la Dedza anaonekera, ndipo chakumasana tinali pa chipata cholowera ku Mozambiki.

Malole anali atandanda mtunda wautali. Ife tinaima pamzere wa oyenda pansi, pakati pa amayi a geni amene ankadziwana ndi aliyense. Mzere unkayenda pang'onopang'ono, ndipo mphepo ya ku Dedza inkalowa mpaka m'mafupa. Nditafika pawindo ndinapereka chitupa changa kuti andilembere bodapasi. Bwana wa pawindopo anafunsa osandiyang'ana.

"Mukupita kukatani?"

"Kukaona wodwala."

"Ndani wanu?"

"Achimwene."

Mawu amenewo ndinali ndisanawatchule kwa zaka pafupifupi makumi anayi. Anatuluka movuta, mpaka bwanayo anadzutsa mutu nati ndibwereze. Ndinabwereza, iye anadinda.

Kunja anatizinga osintha ndalama, aliyense akuti wabwino ndi iye. A Agata anasankha wa imvi, ati munthu wamkulu amaopa Mulungu. Kenaka tinasenza katundu wathu n'kudutsa chipata. Ndinkayembekeza kuti mtima uchita kanthu, koma ayi. Dothi linali lomwelo, anthu akulankhula chilankhulo chathu chomwechi, kungoti zikwangwani zinasanduka za Chipwitikizi. Pobwera ku Malawi ndili mwana sindinadzere pa chipata chilichonse. Tinadzera m'tchire.

Minibasi kumeneko amati shapa, koma kudikira kwake n'chimodzimodzi. Inadzaza dzuwa litapendeka, ndipo inatifikitsa pa Ulongwe, amene eni ake amangoti pa Vila, cha m'ma folo koloko. Titafunsa za Fulankhungo anatiseka. Galimoto za kumeneko zimanyamuka m'mawa mokha, msewu wake ndi wafumbi ndipo palibe dalaivala amafuna kuti kumudere m'njira. Tinagona pa kanyumba kena ka alendo pafupi ndi msika, titadya buledi wawo wolimba uja amati pau, ndi tiyi wopanda mkaka.

Anatiuza kuti tifike pa siteji sikisi koloko. Tinafika isanakwane. Galimoto yake inali kalole kotseguka kumbuyo, kopita kukagula chimanga kumidzi, ndiye tinakhala pa mitolo ya matumba opanda kanthu. Sikisi inakwana, seveni inakwana. Dalaivala anapita kukathira mafuta tili momwemo, anapita kukatenga malata a munthu wina, anaima kwa mkazi wake kutenga chakudya, n'kubwereranso pa siteji pomwe paja. Tinatuluka mu Vila teni koloko.

Moyang'anana nafe munakhala bambo wina wachikulire, telala, atakumbatira mutu wa makina osokera wokulungidwa m'chitenje. Anali atapita nawo kokonzetsa. Galimoto ikagwera m'dzenje, iye ankadzutsa makinawo m'mwamba kuti asagunde, mwini wake n'kumagunda. Atamva kuti tachokera ku Mayani anasangalala.

"Ku Dedza ndikudziwako ine. Ndinakhalako zaka zisanu ndi ziwiri pamsasa wa othawa nkhondo. Kusoka ndinaphunzirira komweko. Chisanu chake chija chikadalipo?"

"Chikadalipo," anayankha a Agata. "Alamu angawa nawonso kwawo ndi konkuno."

Atelala anandifunsa mudzi, ndinawatchulira. Anapukusa mutu. "Kumeneko kulibe munthu tsopano. Anabwerera ochepa, nawonso anakamanga kumsewu."

Fumbi linali losaneneka. Tinafunda zitenje kumutu, kungosiya maso. Titadutsa pa Domwe ndinaona phiri kudzanja lamanja n'kulizindikira. Mudzi wathu unali kuseri kwake. Sindinauze munthu, ndinangoliyang'ana mpaka linabisika.

Patangopita kanthawi tinamva phuu! Galimoto inadzandira n'kuima m'mbali mwa msewu. Tayala lakumbuyo linali litaphulika. Dalaivala anatsika mosatekeseka, nati lapadera lilipo. Atalitulutsa, linali lopanda mpweya, ndiponso losalala ngati chipande. Anakangana ndi mnzake wothandizana naye za amene anayenera kuliona, kenaka anamasula lophulika lija, anaimitsa njinga yamoto, nakwera nalo kubwerera ku Domwe. Pochoka anati, "Mphindi makumi atatu basi."

Inali itangopitirira thwelofu. Pamalopo panalibe nyumba, kupatula minda yokolola kale ndi kamtsinje kumunsi. Tinakhala pansi pa mtengo wa msuku. Wina anatulutsa chinangwa chophika, ife tinatulutsa pau wotsala, tinagawana. Wani koloko inadutsa, thu koloko inadutsa. Galimoto ziwiri zinabwera zitadzaza mpaka pamwamba, osaima n'komwe.

Anthu akatopa ndi kudikira amayamba nkhani zakale. Atelala analoza msewu nati masiku a nkhondo munthu sukanaponda pamenepa, pansi panali mabomba okwirira. Anasimba za mmene anathawira ndi mkazi wawo, chipolopolo chinaboola mtolo umene anasenza koma iwo osawakhudza.

"Mulungu anatisunga," anatero. "Ine palibe angandiuze kuti kulibe Mulungu. Anatisunga ndithu."

"Nanga amene sanawasunge aja analakwanji?"

Sindinaganize kuti ndilankhula. Mawu anangotuluka. Anthu onse anandiyang'ana. Ndinadzuka, ndinati ndikasukusule kumtsinje.

A Agata ananditsatira. Tinasamba kumaso, madzi ofiira ndi fumbi akutsika m'zigongono. Iwo anakhala pamwala.

"Alamu, mawu aja ndi otani?"

Mwina kunali kutopa, mwina linali phiri lija. Ndinakhala pamwala wina n'kuwauza zonse, kuyambira pachiyambi.

Mayi athu anamwalira Rozina ali wakhanda, ndiye tinaleredwa ndi bambo ndi azakhali, mlongo wawo. Ansembe atasiya kufika kumidzi chifukwa cha nkhondo, bambo ndiwo ankatsogolera mapemphero. Ine ndinali mwana wawo wa pamtima chifukwa mapemphero onse ndinkawadziwa pamutu, kuposa achimwene amene anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Lamlungu lina m'mawa tili m'katchalitchi kathu ka udzu, mfuti zinalira kumtunda kwa mudzi. Anthu anabalalika. Bambo anandibereketsa Rozina, amene anali ndi zaka zitatu, nati, "Kalowe m'nthochi zija. Uzipemphera, usasiye mpaka ndidzakutenge."

Ndinalowa pakati pa nthochi ndipo ndinapemphera. Ndinanena mapemphero onse amene ndinkawadziwa, ndikamaliza n'kuyambiranso. Ndinalonjeza Mulungu kuti bambo akapulumuka ndidzakhala sisitere. Ndinkamva kukuwa, ndinkamva udzu ukuthetheka, koma sindinasiye, poti bambo anati ndisasiye. Amene anadzanditenga dzuwa litapendeka anali azakhali. Bambo tinawapeza pakhomo pa katchalitchi, atagona chafufumimba. Achimwene anali atatengedwa pamodzi ndi anyamata ena, atawasenzetsa chimanga cha m'nkhokwe zathu zomwe.

Tinauyamba ulendo wa ku Malawi, gulu la anthu, kudzera m'tchire. Azakhali anali ndi khanda lawo kumsana ndi mtolo pamutu, ndiye Rozina anali wanga. Tsiku lachiwiri anayamba kutsegula m'mimba, thupi likutentha mpaka ndinkalimva kumsana kwanga. Ndinapempheranso. Ndinati, bambo mwatenga, achimwene mwatenga, uyu yekha ndisiyireni. Tsiku lachitatu m'mawa anasiya kulira. Ine ndinakondwa, ndinati wagona, wayamba kupeza bwino. Ndinayenda naye choncho mpaka dzuwa pamutu. Mayi wina amene ankayenda kumbuyo kwanga ndiye anakanong'oneza azakhali.

Tinamuika pafupi ndi chulu, dzenje lokumba ndi zikwanje. Azakhali anati, "Sisiliya, ndiwe mwana wa aphunzitsi, tsogolera pemphero." Ndinatsegula pakamwa, koma munalibe kanthu. Sindinakwiye ayi. Ndinangoona kuti masiku onsewo ndinkaodira pakhomo pa nyumba imene eni ake kulibe. Madzulo a tsiku lomwelo tinalowa m'Malawi. Azakhali anandilera pamsasa, anandikwatitsa kwa mchimwene wa a Agata, ndipo anamwalira nkhondo itangotha, asanabwerere kwawo.

A Agata anamvetsera osandidula, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Nditamaliza anayang'ana madzi.

"Ndiye zaka zonsezi mumagwada pambali panga..."

"Ndimangogwada."

"Achimwene anga, amuna anu, akudziwa?"

"Sakudziwa."

Ndinkayembekeza ulaliki, koma sunabwere. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenaka anati, "Izo tidzakamba. Koma za Rozinazi, alamu, wodwala uja musakamuuze. Munthu ali pamphasa, mukamumaliza. Tikangoti watsala kunyumba."

"Inu a Agata, mukundiphunzitsa bodza?"

"Bodza lina Mulungu amalimvetsa."

Sitinagwirizane. Tinamva hutala kumsewu, n'kukwera chitunda mothamanga. Dalaivala anali atabwera ndi tayala lomata, nthawi ili folo koloko, akununkha kachasu pang'ono. Pokwera, atelala ananditambasulira dzanja kundikokera m'galimoto. Kenaka anandisunthira mtolo wofewa kuti ndikhalepo.

Kuchokera pamenepo dalaivala ankayendetsa mwaulemu, kuopa tayala lake, ndipo ankaima pa mudzi uliwonse kutsitsa munthu kapena lata. Atelala anatsika pamphambano ina, makina awo paphewa. Tinalowa mu Fulankhungo kukuyamba mdima. Marita anali atatidikira pa siteji kuyambira masana, mwana kumsana. Ananditchula ndisanatsike n'komwe, ati ndikufanana ndi bambo ake pachipumi. Anayang'ana a Agata mwachiyembekezo, akuyesa kuti ndi Rozina, ndipo ine ndinafulumira kunena kuti awa ndi alamu anga. Marita anandiyang'ana, osafunsanso. Anatigoneka kwa apongozi ake pafupi ndi msika.

M'mawa tinakwera njinga zamoto, ola lathunthu m'kanjira ka ngolo, kawiri konse tikutsika kuti tiwoloke mitsinje ndi miyendo. M'njira Marita anali atandiuza kuti bambo ake nkhondo itatha anapita kumudzi kwathu n'kupeza mabwinja okhaokha. Anabwerera kudera limene anthu a mfuti anawasiya, anakwatira konko, nalima fodya ndi chimanga. Chaka chatha chomwechi ndi pamene anakumana ndi munthu wakwathu pa maliro ena, amene anawauza kuti azakhali anafika ku Dedza ndi ana.

Tinawapeza atawagoneka pakhonde kuti aothe dzuwa. Munthu wondiposa zaka zinayi zokha ankaoneka ngati bambo anga. Miyendo inali ngati mitondo, koma kumtunda mafupa okhaokha. Ndinagwada pambali pa mphasa.

"Sisiliya."

"Achimwene."

Anandigwira dzanja, analitembenuza, anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali. Kenaka maso awo anadutsa paphewa langa kuyang'ana kunjira.

"Nanga Rozina?"

A Agata anandiposa liwiro. "Atsala kunyumba, bambo. Ulendowu ndi wautali, tinati tiyambe taona ife."

Achimwene anamwetulira, natseka maso. "Ali ndi ana?" Asanayankhidwe anapitiriza okha, mawu akutuluka pang'onopang'ono. "Sisiliya, tsiku lija unkapemphera mokweza, ukudziwa? Ine ndinabisala pansi pa nkhokwe ya azakhali, koma ndinkakumva bwinobwino. Anthu a mfuti awiri anakumvanso, anayamba kulunjika kunthochi kuja. Ndinaona kuti akupezani. Ndiye ndinatuluka n'kuthamangira kwina, kuti andione ine."

Zimenezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti anagwidwa.

"Zimene ndinaona m'tchire muja sindingakuuze," anatero. "Zina ndinachita ndi manja angawa. Koma tsiku lililonse ndinkati, ine ndavutika, alongo anga awiri ali moyo. Chinandisunga n'chimenecho. Mpaka lero ndikadzuka ndimathokoza Mulungu chifukwa cha inu awiri."

A Agata anandiponda chala cha kuphazi. Ndinamva ndithu. Ndinayang'ana achimwene, munthu amene anadzipereka ali mwana kuti ife titsale, ndipo ndinaona kuti sindingamulipire ndi bodza. Akanafunsa mayina a ana a Rozina, ndikanapeka angati?

"Achimwene, Rozina kulibe. Anamwalira m'njira, tsiku lachitatu. Ku Malawi sanafike."

Marita anatsitsa mutu. Achimwene anatsegula maso n'kuyang'ana udzu wa kudenga. Chifuwa chinkakwera ndi kutsika, ndipo ndinaopa kuti a Agata ananena zoona, ndawamaliza. Patapita nthawi anafunsa.

"Anadwala?"

"M'mimba."

"Anamubereka ndani?"

"Ine."

"Masiku onse atatu?"

"Onse."

"Unali ndi zaka zisanu ndi zinayi iwe." Anandifinya dzanja ndi mphamvu zochepa zimene anali nazo. "Alipo anakuthokozapo?"

Ndinapukusa mutu.

"Zikomo, mlongo wanga. Unamusenza mwana wa mayi athu. Sanafere pansi ngati ena aja ndinawaona ine. Anafera kumsana kwa mkulu wake."

Pa chulu paja sindinalire. Pamsasa sindinalire. Ndinalira tsiku limenelo, mayi wa zidzukulu, nkhope ili pa bulangete limene ndinali ndisanapereke n'komwe. A Agata analira nawo mokweza, mpaka anansi anabwera akuganiza kuti wodwala watisiya.

Anthu atabwerera, achimwene anati, "Sindinamupempherereko ngati womwalira, zaka zonsezi. Tiyeni timupempherere tsopano. Tsogolera iwe, Sisiliya, unkawadziwa onse."

A Agata anakonza kukhosi kuti andipulumutse, koma ndinayankha ndekha.

"Achimwene, ine sindipemphera. Ndinasiya tsiku lomwelo. Sindikhulupirira kuti kuli amene amamva."

Anandiyang'ana osadabwa, ngati ndawauza kuti sindidya nyama ya nkhumba.

"Chabwino," anatero. "Ndiye undigwire ndikhale tsonga. Chogona mpweya umandithera. Ndipemphera ine."

Ndinakhala kumbuyo kwawo, ndinawadzutsa n'kuwatsamiritsa pachifuwa panga. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Anapemphera nthawi yaitali, mawu akutha, iwo akupuma, akuyambiranso. Anatchula Rozina, anatchula bambo, mayi ndi azakhali. Anatchulanso mayina ena amene sindinkawadziwa, ndipo sindinafunse kuti anali ndani. A Agata ndi Marita ankayankha. Ine ndinali chete, nditawagwira.

Tinakhalako masiku asanu. M'mawa uliwonse ankaitana, "Sisiliya, dzandigwire," ndipo ndinkapita. Sanandiuzenso kuti nditsogolere. Ulendo wobwerera unatenga masiku awiri, tayala silinaphulike, ndipo a Agata sanatsegule nkhani imene anati tidzakamba ija, mpaka lero. Patatha milungu itatu Marita anaimba kuti achimwene atisiya.

Ngati kuli amene ankawamva akamapemphera pakhonde paja, ine sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti mawu awo onse ankadutsa m'nthiti zawo n'kulowa m'zanga, ndipo palibe limodzi limene linandiphonya.